Mawu a Amayi M'makutu Mwanga

Panali timaikolofoni tiwiri tating'ono ngati nyemba, ta nthambo yakuda. Amjomba, achimwene awo a amayi, anabwera nato kwathu kwa Mponda nyengo ya mango, kuchokera ku Blantyre kumene ankagwira ntchito yojambula mawu. Ankandikhazika pampando pakati pa chipinda n'kundilowetsa timeneti m'makutu. Tinkandiyabwa koopsa.

"Usagwedeze mutu," ankatero.

Anandifotokozera kuti mawu asanalowe mkati amayamba agunda mapewa, mutu ndi makwinya a khutu, ndipo amafika msanga kukhutu limene lili pafupi. Umo ndi mmene munthu amadziwira kuti womuitana ali kumbuyo kapena kumanzere. Makutu a anthu safanana, anatero, choncho zojambulidwa m'makutu mwanga zidzamveka zenizeni kwa ine kuposa wina aliyense. Ine maganizo anali kwa anzanga amene ankagenda mango panja.

Ntchito ya amayi inali kundizungulira akulankhula. Sananene zazikulu ayi. Anandifunsa ngati ndasamba. Anandikalipira za patapata amene ndinataya kumtsinje. Anandiwerengera dua, pemphero la pogona. Ankanunkhira mankhwala opaka pachifuwa, ndipo amayiwo akakhosomola, amjomba sankazimitsa makina. Tsiku lina anawerama kumbuyo kwa khutu langa lamanzere n'kunong'ona, "Mwanangu, tadzuka, kwacha."

Anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanathe.

Amjomba anandipatsa zojambulazo nditamaliza sekondale. Nditavala mahedifoni ndinamva chitseko chikulira kumanja, kenako mapazi akukhwekhwereza pasimenti kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka. Panali khoma basi.

Koma mutu umakula. Makutu amene anamva zonsezi anali a mwana wamng'ono, anga a lerowa ndi ena. Amayi samveka ataima ndendende pamene anaima. Nthawi zina mawu awo amachokera pamwamba, nthawi zina m'kati mwa mutu. Ndinawafunsa amjomba ngati angakonze. Anapukusa mutu, osandiyang'ana.

Chimene chimandipweteka n'chakuti m'zojambulazo inenso ndimamveka. Ndikudandaula kuti ndatopa, ndikufunsa kuti timaliza liti. Amayi akuyankha kuti pang'ono pokha, mpweya ukuwathera. Ndinkawaona akuyenda pang'onopang'ono, dzanja likutsamira khoma, akupumira pangodya iliyonse. Ine ndinkaganiza kuti akuchitira dala kuti makina amve bwino.