Nsungwi imene inanyamula amayi

Boa tarde nonse.

Alamu athu a Bernardo abwera lero kuno ku Furancungo kudzafuna mtengo wotambasulira thanga la bwato lawo la ku Zambezi. Wa bulugamu aukana, akuti ukulemera. Kenaka aona nsungwi yakuda ndi utsi ija ili kudenga kwa kuzinya kophikira kuja, aigogoda, ati ndi yomweyi.

Ang'onoang'ononu simukuidziwa. Nthawi ya nkhondo, pothawa kuchokera ku Chidzolomondo, ine ndi malemu achimwene tinamangirira bulangete pa nsungwi imeneyo n'kunyamula amayi, ali ndi malungo, mpaka kumalire.

Ndawafunsa amayi. Ayankha uku akutongola chimanga: "Apatseni. Inanyamula ine, ingalephere nsalu?"

Koma titaitsitsa, amayi aigwira kunsonga osaisiya. Alamu adikira, kenaka apita chimanjamanja, akuti abweranso Loweruka.

Inu mukuti bwanji, tiwapatse?