Mawu Amene Gidiyoni Ankabisira Owen

Inu amene kukamwa kumauma gwa mukangoima pamaso pa anthu, senderani kuno mumve za Gidiyoni.

Gidiyoni anali wakabaza pa Mtakataka. Makolo ake anamwalira iye akadali pasukulu, mayeso a Folomu 4 n'kumugwetsanso. Njinga ndi imene inalera iye ndi mlongo wake Takondwa. Miyendo inali yolimba, koma lilime, mayo ine! Chilichonse kwa iye chinali ujeni. "Ndakumana ndi ujeni pa ujeni paja." Anzake padepoti anangomutcha dzina loti Ujeni.

Tsiku limene linamupweteka koposa ndi limene abale anakhala pansi kukonza za chinkhoswe cha Takondwa. Atsibweni ake, a Bartholomeo, sanapite m'mbali.

"Woyankhula m'malo mwa banja akhala Owen. Iwe mphwanga udzanyamula mipando. Sitikufuna manyazi pamaso pa akuchimuna."

Owen! Mwana wa atsibweni omwewo, mphunzitsi wa ku Mua, wa malaya ositasita. Owen amene sanagulirepo Takondwa ngakhale sopo. Gidiyoni anangoti chabwino, koma m'kati nsanje inayaka. Akaona Owen akudutsa, ngakhale nzimbe sinkakoma.

Owenyo ankapita kukalabu yophunzira kuyankhula pagulu, imene inkakumana Lamlungu masana m'kalasi ina pa Mtakataka. Gidiyoni analowanso. Musaganize kuti anakonda maphunziro ayi. Ankafuna akaone chimene msuweni wakeyo amadya kuti pakamwa pake paziterera chonchi.

Wotsogolera kalabuyo anali Mayi Kaliati, mphunzitsi wopuma pantchito. Lamulo lawo linali limodzi. Aliyense azibwera ndi liwu latsopano, alimasulire, anene amene anamumva akulitchula, kenako alipereke kwa gulu kuti onse aligwiritse ntchito.

Pamenepa mwayi unali wa Gidiyoni. Wakabaza amanyamula dziko lonse kumbuyo kwake: anamwino, asodzi, akatekisiti, amayi a geni. Anayamba kutchera khutu, ndipo mawu okoma anawatola ambirimbiri. Koma taonani nsanje! Lamlungu likafika ankapereka mawu ozizira, abwinowo n'kuwabisa m'mutu. Sankawatchula ngakhale kwa mphaka. Mumtima ankati, "Ndiwatulutse kuti Owen akatchuke nawo? Ng'oo!"

Takondwa anachonderera atsibweni mpaka anavomera kubwera kukalabu kudzamva achimwene akewo. Gidiyoni anaimirira monyadira, nkhokwe ya mawu ili m'mutu. Anatsegula pakamwa. Mawu aja anali asanadutsepo palilime lake, ndipo tsikulo anakana kutuluka.

"Abale anga, lero ndikufuna ndinene za ujeni... za ujeni uja..."

Anthu anafa ndi phwete. A Bartholomeo anatola chipewa chawo n'kutuluka, Takondwa n'kuzyolika. Chowawa kwambiri chinali chakuti Owen yekha ndiye sanaseke. Gidiyoni anaona ngati akumumvera chisoni, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima kuposa kusekedwa.

Onse atapita, Mayi Kaliati anamufunsa chimene chinachitika. Iye anaulula za mawu obisa aja.

"Mwanawe, njinga yako utaitsekera m'nyumba poopa kuti anzako aikwera, tcheni chingatani?"

"Chingachite dzimbiri, mayi."

"Ndiye wadabwa chiyani?"

Kuyambira m'mawa mwake Gidiyoni anasintha kagwiridwe ka ntchito. Munthu akangokwera, iye ankayamba nkhani, n'kulowetsamo liwu la tsikulo. Akamva liwu lachilendo ankafunsa tanthauzo, poti safunsa anadya phula. Ena ankamuyankha bwino. Ena ankati, "Achimwene, tapalasani njinga, nkhani zanuzo zitichedwetsa." Anzake padepoti ankamuwowoza kuti a Ujeni alowa ubusa. Iye sanaleke. Pamtunda wokwera ku Mua ankayankhula uku akupuma wefuwefu, ndipo mpweya wake unazolowera kunyamula chiganizo mpaka kumapeto.

Tsiku lina ananyamula mayi wina amene anali ndi nkhuku m'dengu. Mayiyo anati thadzi limenelo limadziwa kufungatira anapiye, ngakhale mphamba abwere silisuntha. Kufungatira! Liwulo linamukhudza Gidiyoni mpaka m'mafupa. Lamlungu anafuna kulibisa, mtima ukuti ili lokha ndi langa. Koma analuma mano n'kulipereka.

Sabata yotsatira Owen analigwiritsa ntchito mokoma zedi, anthu n'kuwomba m'manja. Gidiyoni anatentha thupi lonse. Liwu lake, m'manja mwa Owen! Koma pomaliza Owen anatsata lamulo lija.

"Liwu limeneli ndinalimva kwa msuweni wanga Gidiyoni."

Nsanje sinathe tsiku lomwelo, tisanamizane. Koma Gidiyoni anaona kuti liwu lija silinachoke pakamwa pake. Linangokoma kwambiri, chifukwa anamva mmene mnzake analikhazikira m'chiganizo.

Chinkhoswe chitayandikira, a Bartholomeo anafuna kupita ku Mua kukaona wodwala. Padepoti panali njinga ya Gidiyoni yokha, ndiye anakwera monyinyirika. Gidiyoni anachita zimene amachita ndi aliyense. Anayamba kufotokoza za Takondwa: mmene ankalirira amayi awo, mmene anaphunzirira kusoka, ulemu wake, ndi liuma lake lomwe.

Atatsika, atsibweni anaimirira kanthawi, akuyang'ana mphwawoyo ali thukuta kamukamu.

"Ujeni uja wamusiya kuti?"

"Anatsika panjira, atsibweni."

"Mipando anyamula ena. Iwe ukachape malaya."

Patsiku la chinkhoswe Gidiyoni analandira maiki. Sananene zambiri.

"Makolo atatisiya, ndinalibe chuma. Ndinali ndi mapiko awiri okha, ndipo mwanayu ndinamufungatira. Lero ndikutsegula mapikowo. Akuchimuna, mumufungatire monga ndinachitira ine."

Nthungululu zinalira. Takondwa analira mpaka ufa wakumaso unachoka. Owen anayandikira Gidiyoni n'kumutsina pamkono.

"Aise, lero nsanje ili kwa ine."

Masiku ano Gidiyoni amaitanidwa kukatsogolera maukwati kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, ndipo kukalabu kuja ndi iye amalandira obwera kumene. Njinga sanaitaye.

Tsono inu amene mnzanu akayankhula bwino mtima umakuwawani, ululu umenewo ukukuuzani chimene mukuchifuna. Musamuthawe mnzanuyo, khalani pafupi naye. Tolani liwu lero, mulitchule lero lomwe, mulipatsenso wina. Akakusekani, mawa mukaimirirenso. Musataye mtima, lilime nalonso limalimba ndi kupalasa.