Injini pa Nthambi ya Mango

Linali Loweruka, pa 9 Novembala, ndipo ndinali kuwerenga za mayeso nditakhala pa mpando wa pamwamba kwambiri wa galimoto ya atate. Galimotoyo inali ya loji ina, yotengera alendo okaona nyama, ya mipando yokwererana chakumbuyo. Atate anaigula itafa kale. Anaikoka ndi thirakitala mpaka pakhomo pathu ku Kakumbi, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango. Ankafuna kuti iyambe kuyenda mvula isanagwe, azinyamulira anthu katundu kupita ku Malama, kumene galimoto wamba zimatitimira.

Injini yakufa anaichotsa iwo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ina inabwera pa lole kuchokera ku Chipata, yakuda, yonunkha dizilo. Anaimanga ndi tcheni, n'kuikweza pa nthambi yaikulu ya mango. Koma mabowo a mabawuti sanagwirizane ndi a galimotoyo, choncho inatsala ikulendewera pamwamba pa malo ake, kudikira kuti wowotcherera abweretse zitsulo zoikhazikapo.

Ife si a m'chigwa chino cha Luangwa. Tinatsika kuchokera ku Katete ndili wamng'ono, ndipo kumeneko makaniko aliyense amapachika injini m'mango popanda woda nkhawa. Koma kuno mango ali ndi eni ake ena. Mayi woyandikana nafe, wobadwira konkuno, anaima pa mpanda tsiku lina.

"Mwaswera bwanji, aneba? Thotholani mango onsewa akadali aawisi. Akangopsa, njovu zifika."

"Zifike," anatero atate akuseka. "Kodi njovu imadya injini?"

"Ikabwera tiipatse sipanala itithandize," anawonjezera amalume.

Mayiyo sanaseke. Anayang'ana nthambi ija, n'kuyang'ana ine, kenaka n'kubwerera kwawo.

Mango anapsa. Lachinayi m'mawa tinapeza ndowe zikutuluka nthunzi pafupi ndi tayala, masamba ali mbwee, ndi mapazi aakulu ngati lichero pa fumbi. Njovu ikafuna mango imatsamira mtengo ndi chipumi, n'kuugwedeza mpaka zipatso ziyoyoke. Injini inali ikadali pamalo pake, ikutembenuka pang'onopang'ono ngakhale kunalibe mphepo. Atate anagwira tcheni, anagwira mbedza, anayang'ana nthambi ali pansi, n'kunena kuti zonse zili bwino.

Mpando wa pamwamba ndinkaukonda chifukwa panali mthunzi, ndiponso palibe amene ankandiona. Loweruka limenelo ndinadzutsa mutu kuti ndithamangitse ntchentche, ndipo maso anga anafika pamene nthambi imalumikizana ndi thunthu. Pamwamba pake panali mng'alu. Munthu woima pansi sakanauona. M'kati mwake munali moyera, utomoni ukuchucha, nyerere zikulowa ndi kutuluka. Ndinaimirira, n'kulowetsamo pensulo yanga. Inalowa mpaka pamene ndinaigwira.

Pansi panali atate, amalume, ndi amuna ena amene amabwera kudzaonerera. Wowotcherera anali atabweretsa zitsulo zija. Amalume anakoka tcheni pang'ono kuti ayese, ndipo mng'alu unayasama, kenaka n'kutsekeka. Unalira chapansipansi. Iwo sanamve, chifukwa ankakangana za mpira.

Atate anali atawerama pansi pa injini, mutu ndi mapewa zili m'kati mwa galimoto. Ndinkaona khosi lawo lonyezimira ndi thukuta, ndi oyilo akudonthera pa malaya awo.

"Atate," ndinaitana.

Mawu anga ndi aang'ono. Ngakhale kusukulu aphunzitsi amandiuza kuti ndibwereze kawiri.

"Atate!"

"Watani, mayi?" anayankha osatulutsa mutu.

Amuna onse anatembenuka kundiyang'ana.

"Nthambiyi..."

"Tonse chete, apulofesa akulankhula!" anafuula amalume. "Nthambi yatani? Ukufuna mango? Thyola, njovu zakusiyirako."

"Yang'aluka."

"Iyi? Yonenepa kuposa mimba yangayi?" Anadzimenya pamimba, amuna aja n'kuseka. "Mlamu, mwanayu mabuku amulowa m'maso."

"Tsika, mayi, ukatitungire madzi akumwa," anatero atate mofatsa. "Mtengo uwu ndauyang'ana ndekha."

Ndinatsika. Podutsa ndi chikho ndinalambalala mthunzi wa injini, koma atate anamwa madziwo ataima pakati penipeni pa mthunziwo.

M'nyumba amayi anali kusita bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Ndinagwada pafupi nawo.

"Amayi, nthambi ija ikathyoka atate ali pansi..."

"Iwe! Lavula!"

Ndinalavula pang'ono pakhomo, monga timachitira munthu akatchula zoipa.

"Mawu otero amaitana tsoka. Mwana salosera bambo wake ngozi. Atate ako ntchito yawo amaidziwa."

Anapitiriza kusita, koma ayironi inakhalitsa pamalo amodzi mpaka ndinamva fungo la nsalu yowauka. Anayang'ana pa windo. Sanatuluke. Pamaso pa amuna ena, amayi sangawauze atate kuti alakwitsa.

Chakumadzulo mitambo inasonkhana kutsidya kwa Luangwa, ndipo kunagunda kutali. Atate anasamba m'manja ndi sopo wa ufa, akuyang'ana kumwamba.

"Mawa tikangochoka ku tchalitchi tiitsitse," anauza amalume. "Inu mukhale pa tcheni. Ine ndilowa pansi, ndiziiwongolera ndi manja kuti mabowo akumane."

"Ine pansipo sindingakwanepo n'komwe," anaseka amalume.

Mango lina linagwa pa boneti yomwe inali itatsamira mtengo, phaa! Ndinadzidzimuka ndekha. Dzuwa lisanalowe n'komwe, kuminda ya kumunsi anthu anayamba kumenya zitini ndi kukuwa. Njovu zinali zitatulukanso, ndipo pakhomo pathu ponse pankanunkhira mango akupsa.

Ndinakhala pa khonde ndikuyang'ana manja a atate akusenda mango lina ndi mpeni. Anandipatsa mbali yokoma, ngati mwa masiku onse. Ndinafuna kunenanso, koma ndinadziwa kuti mawu anga sangawakweze pa mpando uja, ndipo pansi sakanaona kanthu.

Ndiye ndinatsimikiza mtima chochita. Mawa ndidzuka m'mamawa, ndivala diresi langa la kutchalitchi, ndikwera pa mpando wa pamwamba. Amayi adzandiitana, sindidzatsika. Amalume adzandiseka, belu la kutchalitchi lidzalira, anthu odutsa adzandiloza. Sindinawakanirepo atate chilichonse chibadwire, ndipo mwina adzakwiya. Koma sindidzasuntha mpaka atakwera okha kudzanditenga, ndipo akadzafika pamwambapo ndidzagwira dzanja lawo n'kuika zala zawo mu mng'alu uja.