Kapepala Kamene Ndinakana Kusaina

Ndinkaphunzitsa ku Mandimba pamene anatibweretsera mnyamata wa ku Ngauma, amene sukulu ziwiri zinali zitamulephera kale. Anali wamtima wapachala. Ankagona pa desiki, ndipo ukamudzutsa, mpando unkauluka.

Aphunzitsife, akuluakulu a kumzikiti ndi a kutchalitchi, ndiponso bambo wina wokonza njinga pamsika tinapangana kuti m'mawa azikhala m'kalasi, masana azikaphunzira ntchito kwa mmisiriyo. Chomangira panganolo chinali kapepala. Akaweruka bwino ndinkasainapo, ndipo popanda dzina langa mmisiri sankayenera kumulandira. Akakanizidwa katatu, malo ake apite kwa mwana wina.

Ntchito ya njinga anaikonda. Mmisiri ankandiuza kuti mwanayo amakhala phee akuwongola wilo, sipoko imodziimodzi, osatukwana munthu. Ndisaname, ndinkachita nsanje. Kwa ine ankabweretsa mwano wokhawokha ndi zala zamafuta zodetsa makope.

Kawiri ndinamukaniza pa zifukwa zomveka. Kachitatu, choko chinandithyokera ndikulemba pa bolodi, iye n'kuseka, kalasi yonse n'kumutsatira. Mlandu wake unali womwewo basi. Belu litalira anaima patsogolo panga, atagwira kapepala ndi manja awiri, zimene anali asanachitepo.

"Pulofesora, wilo la eni ake likundidikira."

"Ubwere mawa," ndinatero, n'kuponya kapepalako m'dilowa.

Ndinkangofuna kuti zimupweteke tsiku limodzi. Sindinakumbuke kuti kameneka kanali kachitatu, koma iye anakumbuka. M'mawa mwake desiki yake inali yopanda munthu. Patapita masiku awiri mmisiri anabwera kusukulu, chipewa chili m'manja, kudzafunsa chimene mwana walakwa. Amalume ake a mwanayo anatiuza kuti anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, ndipo akusenza katundu pa siteshoni ya sitima.

Ndapitako kangapo. Ndimayenda pakati pa anyamata osenza matumba ndikuwayang'ana kumaso, mpaka ena amandifunsa ngati ndasochera. Sindinamuonepo. Zimandiwawa, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Kapepala kaja kakadali m'dilowa, pakona pake pali chidindo cha chala chake chamafuta. Ndinakasaina tsiku lomwe ndinamukaniza lija, ana atangotuluka, mkwiyo utaphwa. Ndinkati ndimupatsa mawa.