Mpira Uja Unagwa Pakati Pathu

Aphunzitsi, lero pochokera kumunda ndinadutsa pabwalo la sukulu ku Zemba. Atsikana amasewera volebo, ndipo ndinamva mwana wanga Tamara akukuwa kuti, "Wanga!" Ndinatsika panjinga misozi ili mbwembwembwe. Patha chaka chimwalirireni kwanu ku Japan, ndipo zimandiwawabe kuti sitinakhuze maliro anu.

Munasewera m'matimu akuluakulu kwanuko mpaka bondo linakukanizani, kenako munabwera kudzatiphunzitsa ife pafumbi pano. Sindiiwala tsiku limene mpira unagwa pakati pa ine ndi akulu anga. Ndinawasiyira dala, poti kwathu kuno wamng'ono salanda chinthu pamaso pa wamkulu. Munaimitsa masewera, n'kundigwira paphewa, n'kunena m'Chichewa chanu chothyokathyoka chija kuti, "Ulemu kunyumba. Pano kuwa, tenga mpira!" Ndinakukwiyirani sabata yonse, ndimati mukutiwonongera mwambo. Koma akulu anga omwewo ndiwo anayamba kundikalipira ndikangokhala chete. Usani mumtendere, Aphunzitsi. Tamara simunamuone, koma mawu anakuwa aja ndi anu, ndipo lero mpira sunagwe.