Mlendo wa Botolo

Kwathu kwa Mwambo mango amapsa onse nthawi imodzi ngati achita kupangana. Timadya mpaka milomo kuchita zilonda, otsala n'kumawolera pansi. Ndiye chaka china kugulu la amayi a kutchalitchi kunabwera mlangizi wochokera ku Zomba kudzawaphunzitsa kuphika jamu. Anati mango asendedwe, aphikidwe ndi shuga ndi madzi a mandimu mpaka agwirane, kenako athiridwe akadali otentha m'botolo lowiritsa bwino, n'kutseka zolimba. Mayi aliyense anabwerera kwawo atafukata botolo limodzi.

Mlangizi uja anaiwala kunena chinthu chimodzi chokha: tsiku lodya jamuyo.

Amayi anaika botolo lawo pamwamba pa kabati pabalaza, pansi pake atayala kansalu koluka. Ntchito yolipukuta fumbi anandipatsa ine, chifukwa pa ana onse ndine ndekha amene sindinkaswa zinthu. Mng'ono wanga atafunsa kuti tidzalawa liti, amayi anangoti, "Limeneli ndi la alendo."

Alendo ankabwera ndithu. Abusa anabwera kudzatiyendera, amayi n'kuwapatsa tiyi ndi mbatata. Atachoka, abambo anafunsa za botolo.

"Abusa amabwera mwezi ndi mwezi," anatero amayi. "Tikawazoloweza, mwezi wamawa tidzawapatsa chiyani?"

Msuweni wathu anabwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zosongoka. Amayi anati ameneyo jamu anamukola komweko. Anabweranso bambo wina wofuna uphungu, akugawa nsalu. Anamwa thobwa, amayi n'kunena kuti akapambana n'kubweranso adzamutsekulira. Anapambanadi, motero botolo linapulumuka.

Sikuti amayi anali okha. M'mudzi monse mabotolo anali chiimire pa makabati. Mayi wina wa kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala anatsekulira lake munthu wogula mpunga, ndipo pamjigo anamuseka mpaka kugwetsa ndowa. "Ndiye kuti alendo ake athera pamenepo," ankatero anzake. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti wotsekula botolo wavomereza kuti pakhomo pake sipadzafikanso munthu woposa ameneyo. Alendo tinayamba kuwaika m'magulu: wa thobwa, wa tiyi, ndi wa botolo, amene palibe anamuonapo.

Mango anapsa n'kutha, n'kupsanso. Ine ndinali nditasiya sukulu, ndikuthandiza abambo kumunda wa mpunga. Ndinkapita ndi matumba panjinga ku doko la Kachulu, ndipo kumeneko ndinadziwana ndi mtsikana wa pachilumba cha Chisi amene ankabwera ndi matemba ouma. Ndinene zoona, anayamba kulankhula ndi iye. Ine ndikanangomugula matemba mpaka kukalamba.

Vuto linali lakuti kwathu mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Amayi atamva, anati, "Akazi atha kumtunda kuno, kuti mpaka ukakhale pakati pa madzi?" Ndipo atsibweni, alongo awo a amayi, amene anayenera kukandifunsira mbeta, sakanakwera boti amayi asanavomere. Patapita nthawi amayi analola kuti mtsikanayo abwere adzamuone.

"Nkhani ya botolo lanu inafika ndi ku Chisi komwe," anandiuza mtsikanayo padoko. "Akandipatsa thobwa lokha ndidziwiratu. Musadzavutike n'kundiperekeza komwe."

Ndinalibe mtima wowapempha amayi maso ndi maso. Tsiku lina ndikupukuta botolo ndinangofunsa motsitsa mawu, "Amayi, kodi jamu amakhala nthawi yaitali bwanji asanawonongeke?"

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, amayi."

"Pukuta uike."

Tsiku lake litafika, mtsikanayo anabwera ndi akulu ake. Anagwada pakhomo, anapereka moni, n'kukhala pamphasa. Abambo ndi atsibweni anali pamipando, ine pakona, manja ndili nawo pakati pa mawondo. Amayi anamufunsa za makolo ake, za mpingo wake, ndiponso ngati ku Chisi anthu amadziwa kuwokera mpunga. Kenako anabweretsa thobwa. Mtsikana uja anandiyang'ana kamodzi, ine n'kuyang'ana zala za kumapazi.

Koma thobwa litatha kunabwera tiyi. Pambuyo pa tiyi kunabwera buledi, amene amayi anaitanitsa kumsika wa ku Jali osauza munthu. Ndiyeno amayi anakhosomola.

"Iwe, tatsitsa botolo lija."

Ndinalitsitsa. Ana amene ankasuzumira pawindo anathamangira kumjigo, ndipo posakhalitsa pakhomo panadzaza amayi obwereka mchere. Sindinadziwe kuti mchere ungathe m'mudzi monse tsiku limodzi.

Jamu uja, amene kale anali wachikasu, tsopano anali ndi mtundu wa matope a m'sikimu. Amayi anagwira chivindikiro ndi zala ziwiri, ngati akutola minga, n'kuusa moyo.

"Manja anga anatha ndi khasu. Tayesani inu, bambo ake."

Abambo anapotokola mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Anakulunga chivindikiro ndi malaya, n'kuyesanso, koma ayi. Shuga ndi dzimbiri zinali zitagwirizana. Atsibweni anati pabwere mpeni.

"Mpeni pa botolo langa, achimwene? Mukufuna alendo adye magalasi?"

Nane ndinayesa. Ndinkafuna litseguke chifukwa cha mtsikanayo, komanso ndinkaopa kuti lingatseguke chifukwa cha amayi, ndiye ndinapotokola mwapakatikati. Silinasunthe.

"Ndiyeseko, amayi?" anafunsa mtsikana uja.

Amayi anamupatsa akumwetulira. Mwina anali asanawaone bwino manja ake, manja ozolowera kupalasa bwato mphepo ikuwomba. Mtsikanayo analikhazika pamwendo, analigwira, n'kupotokola. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, tswii. Nditayang'ana amayi, kumwetulira kuja kunali kutazima. Nkhope yawo inali ya munthu amene mbuzi yake yokhayo yagwidwa kuti iphedwe pamaliro a eni.

Mtsikanayo anawayang'ana amayi, n'kuyang'ananso gulu la obwereka mchere lija. Kenako analuma mano, anabuula, n'kupotokolanso mwamphamvu mpaka phewa kunjenjemera. Anagwada, n'kupereka botolo ndi manja awiri.

"Landikanika, amayi. Munatseka mwaluso."

Amayi anaseka mokweza kuti a pakhomo amve. "Mwaonatu nonse! Ife timafuna kumutsekulira mwanayu. Botolo lakana lokha."

Tinadya buledi wopanda kanthu, tikumuviika m'tiyi. Obwereka mchere anabalalika opanda mchere.

Powaperekeza ku Kachulu akulu ake anatsogola, ife tikubwera m'mbuyo. Ndinayenda mtunda wautali ndikukonza mawu, kenako ndinapepesa kuti jamu sanamulawe.

"Inu ndiye ogonadi," anatero. "Linatseguka lija. Ndinachita kulibwezera."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndikanalitsegula, amayi anu akanatsala ndi chiyani pakabati? Tsiku lililonse akanamayang'ana pamalo popanda kanthu n'kumakumbukira ine." Anayenda pang'ono, n'kuseka. "Komanso fungo limene linatulukamo, mukanadya ndinu nokha, poti simudziwa kukana."

Nditabwerera kunyumba ndinapeza botolo lili pamalo pake, kansalu kake katakutumulidwa. Amayi ndi atsibweni anali pakhonde. Ndinafuna kulambalala kuseri, koma amayi anandikodola kuti ndikhale pansi ndimve.

"Achimwene, Loweruka mukwere boti mupite ku Chisi," anatero amayi.

Atsibweni anakanda m'mutu. "Ulemu ali nawo, sindikukana. Koma mphamvu zake ndakayika nazo, chemwali. Mwana wa pachilumba kulephera kabotolo?"

"Mphamvu ali nazo," anayankha amayi, osawayang'ana n'komwe. "Inu kwerani boti."