Jeke wa Akulu a Mpingo

Kwiii, kwiii, gubudu! Ndi momwe ankalirira jeke wathu wakale tikamadinda fodya. Kwiii chinali chitsulo chikutsika kupanikiza masamba m'bokosi. Gubudu anali mano ake akapulumuka, wopotayo n'kupezeka ali chagada pansi. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankati iwo ndi jekeyo ndi amsinkhu umodzi, onse mano anatha kalekale.

Chaka chimene ndinayamba kuyendetsa munda ndekha, jekeyo anakaniratu tsiku Lolemba. Lole ya kalabu yathu yotengera mabelo ku okishoni inali kubwera Lachisanu. Woiphonya ankadikira mwezi wathunthu, fodya akungofumbutuka m'chigafa.

"Amuna anga," anatero agogo, poti ankanditchula choncho akafuna kundituma kutali, "pitani kwa Njombwa. Kuli akulu a mpingo ena asiya fodya, ati ndi tchimo. Tchimolo alizindikira soya atakwera mtengo. Akugulitsa jeke."

Ndinapita Lachiwiri pangolo yobwereka. Nyumba ya akuluwo inali pafupi ndi tchalitchi. Jeke anali atamupaka oyilo wakuda mpaka kunyezimira, koma ine ndinapukuta ndi nsanza n'kuona mano limodzi limodzi. Anali athunthu. Akuluwo anapita pamtengo wa mango, natenga chitsulo chopotera, chija chimalowa pabowo la pamwamba kuti munthu azizunguza. Anapota kawiri, jeke anatsika mwakachetechete ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi. Tinagwirizana. Titakweza pangolo, chitsulocho anachibwezera pamtengo paja, ine ndikuona. Pakamwa panga pamalemera kuyambira ubwana. Ndinangoti mumtima, kunyumba chathu chilipo.

Kunyumba ndinapeza agogo akusilira mapoto awiri atsopano. Anyamata ogula zitsulo zakutha anali atadutsa, ndipo jeke wakale anapita nawo posinthana ndi mapotowo, ndi chopotera chake chomwe.

"Chitsulo chili kuti?" anandifunsa atazungulira ngolo.

"Ndimati tigwiritsa chathu."

"Chathu tiphikiramo mawa. Maso onsewa, amuna anga, pakamwa munabwereketsa kwa yani?"

Lachitatu ndinayesa mpini wa khasu, unathyoka. Ndinayesa mtengo wa bulugamu, unathyoka belo lisanafike n'pakati pomwe. M'mudzi munali majeke ena awiri, onse ali ndi mzere wa anthu othamangira lole yomweyo, ndipo palibe akanabwereketsa chopotera ngakhale kwa ola limodzi.

Lachinayi m'mawa agogo anandilanda foni. Amalankhula pafoni ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa dambo, choncho mudzi wonse unamva.

"Abambo, mwagulitsa mwana wanga jeke wopanda chopotera!"

Akuluwo anayankha modekha kuti jeke anagulitsadi, koma chitsulocho anachipereka kale ku mpingo. Ndi chimene amaimbira belu, limu ya galimoto yopachikidwa pamango paja. Chinthu choperekedwa kwa Mulungu, anatero, sichingabwerere ku fodya.

"Lachiwiri chinabwerera bwanji pomwe mumaonetsa malonda?"

Agogo anapitiriza osadikira yankho.

"Zaka zonsezi chakhumi chanu chimachokera m'chiyani, m'maungu? Imbani belu ndi mwala! Apo ayi Lamulungu ndibwera, ndidzakhala kutsogolo ndi kabotolo kanga ka fodya wamphuno, ndipo nthawi ya zolengeza ndidzaimirira."

Anandibwezera foni osaizimitsa, napita kukawaza timadzi pa fodya kuti afewe, ngati kuti nkhani yatha. Ine ndinayala ziguduli m'bokosi, ndinasanja masamba a belo loyamba, kenaka ndinakhala pansi. Fodya wowaza madzi sachedwa: ukapanda kumudinda tsiku lomwelo amauma kuposa kale, ukawazanso amayamba nkhungu. Dzuwa linafika paliwombo. Ndinayang'ana msewu mpaka maso kuwawa.

Chakumasana ndinaona njinga ikubwera kudzera kanjira ka kuseri kwa minda, osati mumsewu. Anali akuluwo, atavala jekete lakuda m'dzuwa lonselo, thukuta lili kamukamu. Pakaliyala anamangapo chinthu chachitali chokulungidwa m'thumba la feteleza. Anaima patali ndi chigafa, mwina kuopa kuti fungo lingagwire jekete, nandikodola ndi dzanja.

"Agogo ako alipo?" ananong'ona.

"Ali kuseri. Ndiwaitane?"

"Ayi, ayi, asavutike." Anamasula zingwe mofulumira. "Ndabwereka kwa Ambuye, sindinauze aliyense. Loweruka chikhale chitabwerera pamango, ndipo uchitsuke ndi sopo."

Anandipatsa thumbalo, natembenuza njinga, n'kubwerera kudzera kanjira komweko akupalasa mwamphamvu.